Lenzi ya nyama si lenzi ya nyenyezi: tanthauzo la manambala olembedwa pa kamera

Usiku wa pa 7 September 2025 kunachitika kadamsana wa mwezi, ndipo kuyambira cha m'ma 7:30 mpaka kutatsala pang'ono kuti 9 koloko ikwane, mwezi unali wofiira ngati njerwa yootcha. Kutacha, zithunzi zimene zinkayenda pa WhatsApp ndi pa Facebook kuno ku Dedza zinali za mitundu iwiri. Zambiri zinali kadontho kotuwa pakati pa mdima, kosasiyana ndi babu la pakhonde la nyumba yakutali. Zochepa zinkaonetsa mwezi waukulu, mabanga ake onse ali poyera. Ena ankati zithunzi zachiwirizi n'zopeka, ena ankati nkhani ndi kukhala ndi kamera yodula, ndipo ena ankaloza foni yolembedwa kuti ili ndi zumu ya 100. Chisokonezo chomwechi chimabuka munthu akabwerera kuchokera ku Liwonde ndi zithunzi za mvuu zooneka ngati miyala ya m'madzi, kapena akayesa kujambula Mlalang'amba ali m'munsi mwa phiri la Dedza n'kupeza chithunzi chakuda bii. Mafunso onsewa amayankhidwa ndi manambala awiri olembedwa pa lenzi iliyonse, ina yotsatana ndi zilembo za mm ndipo ina yotsogozedwa ndi chilembo cha f.

Lenzi, sensa ndi nambala ya mamilimita

Lenzi ndi chigawo cha kutsogolo kwa kamera chokhala ndi magalasi angapo, ndipo ntchito yake ndi kusonkhanitsa kuwala n'kukugwetsera pa sensa. Sensa ndi kachipangizo kathyathyathya kamene kanalowa m'malo mwa filimu ya makamera akale a m'masitudiyo. Sensa yaikulu imene ojambula amati full frame ndi ya mamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi, pamene makamera ambiri amene anthu oyamba kumene amagula ali ndi sensa yocheperapo yotchedwa APS-C, ya mamilimita pafupifupi 23.5 ndi 15.6.

Nambala ya mamilimita, imene dzina lake ndi focal length, imanena kukula kwa dera limene lenzi ikuona. Munthu akaima pa msika wa Lizulu ndi maso chabe amaona msewu wa M1, ogulitsa kachewere ndi kabichi mbali zonse ziwiri, ndi mapiri a ku Mozambique. Akayang'ana kudzera mu nsungwi yobooka amangoona dengu limodzi. Lenzi ya mamilimita ochepa, monga 14 kapena 18, ili ngati maso aja, pamene ya mamilimita 400 kapena 600 ili ngati nsungwi, kungoti dengu limodzi lija imalitambasula kuti lidzaze chithunzi chonse. Pa sensa ya full frame, lenzi ya 14mm imaona madigiri pafupifupi 114 kuchokera ngodya ina ya chithunzi kufika ina, ya 50mm imaona 47, ndipo ya 400mm imaona 6 okha.

Pali masamu osavuta amene amathandiza munthu asanawononge ndalama. Kukula kwa chinthu pa sensa kumapezeka pochulukitsa kukula kwake kwenikweni ndi mamilimita a lenzi, kenako n'kugawa ndi mtunda umene chili. Pumbwa ndi mbalame yotalika masentimita pafupifupi 20. Ali pa mtunda wa mamita 20, lenzi ya 55mm imamujambula wosapitirira kwenikweni theka la milimita pa sensa, ya 300mm imamufikitsa pa mamilimita 3, ndipo ya 600mm pa mamilimita 6. Koma munthu yemweyo akayandikira mpaka mamita 10, lenzi ya 300mm ija imaperekanso mamilimita 6. Kuchepetsa mtunda ndi theka n'chimodzimodzi kugula lenzi yotalika kawiri, ndipo ndikuona kuti mfundo imeneyi ogula ambiri amaidumpha. Njovu ndi nkhani ina. Yamphongo yotalika mamita 3 ili pa mtunda wa mamita 50 imatenga mamilimita 12 pa lenzi ya 200mm, kutanthauza kuti yatsala pang'ono kudzaza chithunzi cha sensa ya APS-C kuchokera pansi kufika pamwamba.

Sensa yaing'ono imangolandira chapakati cha zimene lenzi yaona, monga mmene telala amadulira chapakati pa chitenje n'kusiya m'mphepete. N'chifukwa chake pa makamera a APS-C a Nikon, Sony ndi Fujifilm mamilimita amachulukitsidwa ndi 1.5, ndipo pa a Canon ndi 1.6, kuti tidziwe zimene lenziyo ingaone poyerekezera ndi full frame. Lenzi ya 300mm pa Nikon yotere imaona ngati ya 450mm. Wojambula mbalame amapindula nazo, koma wojambula thambo amaluza, popeza 18mm yake imasanduka 27mm ndipo gawo lina la nyenyezi limatsala kunja.

Zumu si muyeso wa kutalika

Mawu akuti zumu ndi amene amasocheretsa ogula ambiri. Lenzi ya zumu ndi imene mamilimita ake amasinthika, ndipo nambala yokhala ndi x imangonena kuti mamilimita a kumapeto amaposa a koyambira kangati. Lenzi ya 18-55mm imene imabwera ndi kamera pogula ndi ya 3x. Ya 18-200mm ndi ya 11x, ndipo ya 150-600mm ndi ya 4x yokha, komabe ya 4x imeneyi imakulitsa nkhwazi katatu kuposa ya 11x ija. Lenzi ya 600mm yosasinthika ilibe zumu n'komwe.

Pa mafoni nkhaniyi ili ndi mbali ina. Lenzi yaikulu ya foni imaona ngati ya 24mm kapena 26mm, dera la madigiri pafupifupi 70 m'litali, pamene mwezi umatenga theka la digiri limodzi. Kadontho kaja kanachokera pamenepo. Munthu akatambasula chithunzi ndi zala, mbali yaikulu ya zumu imene foni ikulonjeza imakhala kudula ndi kukulitsa chabe, ndipo mapulogalamu a m'foni amadzaza mipata. Mu March 2023 munthu wina pa tsamba la pa intaneti la Reddit anajambula ndi foni ya Samsung chithunzi cha mwezi chimene anachichititsa dala chimbuuzi pa kompyuta, ndipo foniyo inatulutsa mwezi wokhala ndi mabanga omveka bwino. Kampaniyo inafotokoza kuti foni imazindikira mwezi n'kugwiritsa ntchito nzeru za kompyuta pokometsa chithunzi. Ena amati kumeneko n'kukonza kwa masiku onse kumene kamera iliyonse imachita, ena amati chithunzi chotere chasiya kukhala umboni wa zimene lenzi inaona, ndipo mkanganowu sunathe.

Nambala ya f, nthawi ndi ISO

Mkati mwa lenzi muli chiboo chimene chimakula ndi kuchepa, ndipo nambala ya f ndi imene imachiyeza. Chodabwitsa n'chakuti nambala ikakhala yaing'ono chiboocho chimakhala chachikulu, chifukwa nambalayo imapezeka pogawa mamilimita a lenzi ndi kukula kwa chiboo. Lenzi ya 50mm pa f/2 ili ndi chiboo cha mamilimita 25, ndipo pa f/4 ili ndi cha 12.5. Pa mndandanda wa 1.4, 2, 2.8, 4, 5.6 ndi 8, sitepe iliyonse imadula kuwala ndi theka.

Kuwala tingakuyerekezere ndi mvula imene mayi akutchera madzi ake pabwalo. Beseni limadzaza msanga kuposa botolo, ndipo mvula ikakhala yowaza, chotengeracho chiyenera kukhala panja nthawi yaitali. Kukula kwa kukamwa kwa chotengera ndiye nambala ya f, ndipo nthawi imene chakhala panja ndiye nthawi imene shata, kachitseko kotchinga sensa, imakhala yotsegula. Masana ndi mvula yamkuntho, moti gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi limakwana. Nyenyezi ndi mvula yowaza kwambiri, yofuna masekondi ambirimbiri. Chachitatu ndi ISO, imene siwonjezera kuwala kulikonse koma imakweza chimene chalowa kale, monga mmene munthu amakwezera wailesi pamene siteshoni ikumveka patali. Mawu amakwera, koma phokoso nalonso limakwera, ndipo pa chithunzi phokosolo limaoneka ngati mchenga wothiridwa pamwamba.

Masamu a chiboo aja ndi amenenso amafotokoza mitengo. Kuti lenzi ya 400mm ifike pa f/2.8, galasi lake la kutsogolo liyenera kukhala la mamilimita osachepera 143, kukula ngati mbale ya ndiwo, ndipo malenzi otere amalemera makilogalamu pafupifupi atatu n'kumagulidwa pa mtengo wofanana ndi wa galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito. Malenzi a 150-600mm a Sigma ndi Tamron anatchuka pakati pa ojambula ongokonda chifukwa amalekeza pa f/6.3, motero galasi limachepa ndipo mtengo umatsika kwambiri. Choluza n'chakuti f/6.3 imalowetsa kuwala kochepa kasanu poyerekezera ndi f/2.8.

Zimene nyama zimafuna

Nyama ili patali ndipo siikhazikika, choncho imafuna mamilimita ambiri ndi nthawi yaifupi. Lamulo lakale la wogwira kamera m'manja limati nthawi isatalike kuposa 1 kugawa ndi mamilimita a lenzi, kotero pa 300mm ya APS-C munthu ayambire pa 1/500 ya sekondi. Nyani woyenda pa thanthwe amafuna 1/1000, ndipo mbalame youluka 1/2000 kapena kuposa. Malenzi ambiri ali ndi chipangizo chochepetsa kunjenjemera kwa manja, chimene Canon amalemba IS, Nikon VR, Sigma OS ndipo Tamron VC. Chipangizochi chimathandiza dzanja la wojambula lokha, pakuti sichingaimitse phiko la khungubwe.

Vuto limabwera chifukwa nyama zambiri zimayendayenda mbandakucha ndi madzulo, pamene kuwala n'kochepa. Wokhala ndi lenzi ya f/6.3 amakakamizika kukweza ISO mpaka 1600 kapena 3200. Kwa ine, chithunzi chamchengamchenga koma diso la nyama likuoneka bwino chimaposa choyera bwino koma cha chimbuuzi, popeza mchenga umachepetsedwa pa kompyuta pamene chimbuuzi chilibe mankhwala.

Kusankha kumadalira kumene munthu amapita kawirikawiri. Amene amatsika kudzera ku Ntcheu ndi Balaka kupita ku Liwonde, kumene bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira mu 2015, amajambula njovu, mvuu ndi ng'ona ali m'galimoto kapena m'boti pa Shire, ndipo lenzi ya 70-300mm kapena 55-250mm imamukwanira pa nyama zikuluzikuluzi. Amene amakwera phiri la Dedza kapena kuyenda m'nkhalango ya Chongoni kufuna apusi, mbira za m'matanthwe ndi mbalame amafuna 400mm kupita m'tsogolo, koma ayeneranso kuganizira kuti adzasenza makilogalamu awiri a galasi pa phiri lotalika pafupifupi mamita 2,200. Mamilimita ali ndi malire akenso. Masana a October mpweya wotentha umanjenjemera pamwamba pa nthaka monga timaonera pa tara, ndipo lenzi ya 600mm imakulitsa kunjenjemerako pamodzi ndi nyama, moti chinthu cha pa mamita 200 chimaoneka chosungunuka ngakhale lenziyo ikhale yodula bwanji. Kuyandikira n'kothandiza, koma m'malo osungira nyama munthu satuluka m'galimoto popanda woperekeza, ndipo njovu siyandikiridwa chifukwa cha chithunzi. Pa windo la galimoto, kathumba ka nyemba zouma kamakhazika lenzi yaitali bwino kwambiri.

Zimene nyenyezi zimafuna

Thambo limafuna zosemphana ndi zonsezi, mamilimita ochepa, chiboo chachikulu ndi nthawi yaitali. Kamera iyenera kukhala pa choimikira cha miyendo itatu chotchedwa tripod, kapena pa mwala wosagwedera, ndipo shata itsegulidwe ndi nthawi yodziwerengera ya masekondi awiri kuti chala chisagwedeze.

Nthawiyo siingatalike mmene munthu angafunire, chifukwa dziko limazungulira madigiri 15 pa ola lililonse ndipo nyenyezi zimasuntha pa sensa. Ojambula amayamba ndi lamulo la 500, limene limati gawani 500 ndi mamilimita a lenzi, atachulukitsidwa kale ndi 1.5 kapena 1.6 ngati sensa ndi ya APS-C. Lenzi ya 14mm pa full frame imalola masekondi 35, ya 18mm pa APS-C imalola pafupifupi 18, ndipo ya 300mm imalola sekondi imodzi yokha. Masensa a masiku ano amaona tinthu tating'ono kwambiri, choncho n'kwanzeru kutsitsako manambalawa. Apa ndi pamene zimaonekera kuti lenzi ya mbalame siingajambule Mlalang'amba popanda makina otsatira nyenyezi, popeza imaona kachigawo kochepa, imalowetsa kuwala kochepa, komanso imapereka nthawi yochepa.

Malenzi amene ojambula ongokonda amatchula kawirikawiri pa ntchitoyi ndi monga Samyang 14mm f/2.8 ndi Tokina 11-16mm f/2.8. Komabe lenzi ya 18-55mm yobwera ndi kamera si yonyozeka. Ikaikidwa pa 18mm, f/3.5, masekondi 15 ndi ISO 3200 pamalo amdima weniweni, Mlalang'amba umatuluka. Fokasi, kutanthauza kutchera lenzi kuti chinthu chioneke bwino popanda chimbuuzi, ndi imene imagwetsa ambiri, chifukwa kamera imalephera kudzipezera yokha mumdima. Munthu amazimitsa fokasi yodziyendera, n'kukulitsa nyenyezi yowala pa sikirini, n'kupotoza pang'onopang'ono mpaka ikhale kadontho kakang'ono kwambiri. Mchenga wa ISO umachepetsedwa pojambula zithunzi zambiri zofanana n'kuzisanjikiza ndi mapulogalamu aulere monga Sequator kapena Siril, ndipo zithunzi 16 zimachepetsa mchengawo kanayi. Mafoni ena amachita zomwezi mwa okha akaikidwa posagwedera.

Pa nkhani ya thambo, Dedza ndi Ntcheu ali ndi mwayi umene ndalama sizigula. Tili pa madigiri pafupifupi 14 kum'mwera kwa equator, ndipo chimake cha Mlalang'amba, chimene kuwala kwake kumayenda zaka pafupifupi 26,000 kuti kutifike, chimakwera mpaka madigiri 75, pafupifupi pamutu penipeni. Ojambula a ku London amachiona chitangosuzumira m'mphepete mwa thambo. Kuno chimafika pamwamba cha m'ma 10 koloko usiku pakati pa July, ndi cha m'ma 8 koloko pakati pa August. Boma la Dedza lili pa mamita oposa 1,500, ndipo munthu akangotalikira magetsi a pa boma kapena a m'misika ya m'mbali mwa M1, kulowera cha ku Bembeke kapena ku Tsangano, mdima umakwana. Akaloza kamera kum'mwera n'kujambula kwa ola lathunthu, nyenyezi zimalemba mizere yozungulira malo amodzi amene ali madigiri 14 pamwamba pa mapiri. Chofunika n'kusankha masiku a mwezi wakufa, amene amabwera pa masiku 29 ndi theka alionse, chifukwa mwezi wathunthu umafafaniza Mlalang'amba kuposa magetsi a tauni yaing'ono. Nyenyezi za Akamwiniatsatana ndi Nsangwe zimaoneka madzulo m'miyezi ya dzinja, pamene mitambo imavuta, choncho ambiri amazidikira mbandakucha mu August ndi September.

Pali chinanso chimene mabuku a makamera sanena. Mlendo woima m'munda pakati pa usiku ndi chitsulo cha miyendo itatu ndi tochi yofiira angathe kumvedwa molakwika, ndipo tikukumbukira zimene mphekesera za anamapopa zinachita m'maboma a kum'mwera mu 2017. Ndi bwino kukaonekera kwa a mfumu masana, kufotokoza cholinga, ndi kupita ndi munthu wa m'mudzimo. Msitu wa kumanda umakhala ndi mitengo ikuluikulu ndi mbalame zambiri, koma m'midzi ya Achewa si malo olowamo ndi kamera.

Mwezi uli mbali ya nyama

Ngakhale umaoneka usiku, mwezi umajambulidwa ngati nyama ya masana, chifukwa ndi thanthwe lowalitsidwa ndi dzuwa. Kukula kwake pa sensa kumapezeka pogawa mamilimita a lenzi ndi 110, kotero 55mm imapereka theka la milimita, 300mm imapereka 2.7, ndipo 600mm imapereka 5.5. Mwezi wathunthu umatuluka bwino pa f/11, ISO 100 ndi 1/100. Kamera ikasiyidwa kuti idzisankhire, imaona mdima wochuluka wozungulira n'kutalikitsa nthawi, ndipo mwezi umasanduka banga loyera lopanda kanthu mkati. Pa kadamsana zinthu zimasintha, chifukwa mwezi umangolandira kuwala kofiira kumene kwapindidwa ndi mpweya wa dziko lathu, ndipo umazilala kambirimbiri moti umafuna tripod, ISO yokwera ndi nthawi yofika sekondi. Zithunzi zazikulu za pa 7 September zija zinali zotheka ndithu kwa munthu wa lenzi ya 300mm kupita m'tsogolo amene anakhazika kamera yake.

Pogula ndi posunga

Malenzi ambiri amene amafika kuno ndi ogwiritsidwapo kale ntchito, ochokera ku Johannesburg, ku UK kapena kwa ojambula maukwati a ku Lilongwe amene akusintha zida. Choyamba kufunsa ndi pakamwa polumikizira lenzi ku kamera, popeza kampani iliyonse ili ndi pake. Canon ili ndi EF ya mu 1987 ndi RF ya mu 2018, Nikon ili ndi F ya mu 1959 ndi Z ya mu 2018, ndipo Sony ili ndi E. Malenzi akale a EF ndi F amalowa pa makamera atsopano kudzera pa adaputala, koma atsopano salowa pa makamera akale. Lenzi ya Sigma kapena Tamron imapangidwa ya pakamwa posiyanasiyana, choncho dzina lokha silikwanira.

Wogula aunike ndi tochi kuchokera kumbuyo kwa lenzi. Fumbi lochepa silivulaza chithunzi, koma timizere tonga ulusi wa kangaude ndi chuku, chimene chimamera pa galasi m'malo achinyezi n'kumafalikira mpaka kuliwononga. Ayesenso fokasi pa chinthu chapafupi ndi chakutali, ndipo ngati lenziyo ndi ya nyenyezi, ajambule magetsi akutali usiku n'kuyang'ana m'ngodya za chithunzi, chifukwa malenzi ena amasandutsa nyenyezi za m'mphepete kukhala ngati timbalame totambasula mapiko, vuto limene limachepa chiboo chikatsekedwa pang'ono.

Nyengo ya kuno ili ndi zake. Usiku wa June ndi July kuzizira kumamaliza batire msanga, choncho la padera lisungidwe m'thumba la mkati mwa jekete. Mame amagwa pa galasi la kutsogolo mwakachetechete, ndipo munthu amangodabwa nyenyezi zikuzilala chithunzi ndi chithunzi, moti ndi bwino kuika chipewa chotchinga m'mbali mwa lenzi ndi kumaunika galasilo pafupipafupi. Chifunga cha m'mapiri chingatseke thambo m'mphindi zochepa. Kuyambira kumapeto kwa August, utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi zimayeretsa m'munsi mwa thambo, ngakhale kuti imeneyi ndi nyengo imene udzu umachepa ndipo nyama zimasonkhana kumadzi. Kamera yochokera kozizira isatulutsidwe m'chikwama nthawi yomweyo ikalowa m'nyumba yofunda, ndipo m'miyezi ya mvula lenzi isungidwe m'bigiri lotseka bwino lokhala ndi timapaketi toyamwa chinyezi, tonga timene timapezeka m'makatoni a nsapato zatsopano, timene tiyenera kuumitsidwa kapena kusinthidwa tikakhuta.